Mwana wanga wakana Kulimbitsa: ndimukakamize?

Funso: Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala kuno ku Mangochi ndipo ndine Mkatolika chibadwire. Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, ali ndi zaka 16 ndipo ali Fomu 3. Anabatizidwa ali wakhanda, analandira Ukaristia woyamba, anavinako Stella, gulu la atsikana ovina pa Misa. Chaka chino wakana kulowa kalasi ya Kulimbitsa. Tikamanena kolona madzulo amangokhala duu, kolapa wati sapitanso, ndipo Lamulungu masana amapita ku felosipi ndi anzake a kusukulu. Bambo ake ali ku Joni, akuti akapanda kulimbitsidwa asiya kutumiza fizi. Agogo ake akungolira. Ine ndine mlembi wa mphakati, anthu ayamba kundinena, ena akuti ndidzaimitsidwa masakramenti. Kodi ndimukakamize?

Yankho: Mayi, ndikuyankheni mosazungulira. Pa Kulimbitsa musamukakamize. Ndipo amene akukuletsani si ine, si mabungwe a ufulu wa ana, koma Mpingo womwewo umene mukuutumikira kumphakati. Zilipo zina zimene muli ndi mphamvu yomuuza kuti achite malinga akadali pakhomo panu, ndipo tifikako. Koma sakramenti ili silili m'gulu limenelo.

Mwakhalapo pa Misa ya Kulimbitsa, ndiye mukudziwa mmene imayendera. Ambuye Episkopi akatha kulalika, ana aja amaimirira okha, makolo ali chikhalire pamabenchi. Amafunsidwa ngati akukana Satana ndi ntchito zake zonse, ngati akukhulupirira Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, ndiponso Mpingo. Amenewa ndi mafunso omwe aja munayankha inu ndi amayi ake a ubatizo tsiku limene iye anali m'manja, akulira ndi madzi. Tsopano abwezedwa kwa mwini wake. Kenako mwana amapita kutsogolo, womuimira atamugwira paphewa lakumanja, dzina lake limatchulidwa, episkopi amaviika chala chachikulu m'mafuta a Krisma n'kumulemba mtanda pamphumi, mwana n'kuyankha Amen. Pa mwambo wonsewu palibe pamene mayi angayankhe m'malo mwa mwana. Taganizani tsono mwana wanu ataima pamenepo, atavala zoyera zogulidwa ndi ndalama za ku Joni, pakamwa akuti ndikukhulupirira, mumtima akuti ndikuopa kusiyitsidwa sukulu. Tsiku limenelo mudzakhala mutamuphunzitsa kuti kutsogolo kwa guwa munthu angathe kunama, bola akuluakulu akondwe. Phunziro limenelo ana saliiwala, ndipo ambiri amene analimbitsidwa motero tsiku lomwelo ndi limene anatsazikana ndi tchalitchi.

Izi zinalembedwa. Buku la malamulo a Mpingo limene Papa Yohane Paulo Wachiwiri anakhazikitsa mu 1983, pa ndime 889, limati munthu wozindikira kale, kupatula amene ali pafupi kufa, ayenera kukhala wophunzitsidwa bwino, wokonzeka mumtima, ndi wotha kubwereza malonjezo a ubatizo. Katekisimu wa Mpingo wa 1992, pa ndime 1319, akuwonjezera kuti wolandirayo akhale ndi cholinga cholandira sakramentilo. Ndime 748 ya malamulo aja imanena poyera kuti palibe amene amaloledwa kuumiriza munthu kulandira chikhulupiriro cha Chikatolika motsutsana ndi chikumbumtima chake. Gwero la zonsezi ndi msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, umene pa 7 December 1965 unalengeza kuti kukhulupirira, mwa chikhalidwe chake, n'chinthu chimene munthu amachita mwa ufulu. Ife a dayosizi ino tili ndi chifukwa chapadera chokumbukira zimenezi. Kalata ya maepiskopi ya nyengo ya Lenti imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, yodandaula kuti Amalawi akuopa kulankhula zakukhosi, inasindikizidwa ku Balaka, m'dayosizi yathu yomwe ino ya Mangochi, kwa a Montfort, ndipo nyumba yosindikizirayo inayatsidwa moto chifukwa cha kalatayo. Sizingamveke kuti ufulu umene tinaufuna m'dziko tiukane pakhomo.

Sindikunena kuti Mpingo umati Kulimbitsa n'kosafunika. Ndime 890 imati Akhristu ali ndi udindo wolandira sakramentili pa nthawi yake, ndipo makolo ndi ansembe aonetsetse kuti ana aphunzitsidwa ndi kufikapo. Ndiye nkhawa yanu ili ndi maziko. Koma gawo lanu ndi kuphunzitsa, kuitana ndi kukonza njira. Kuvomera ndi kwa iye. Ndipo palibe chaka chimene khomo limatsekedwa. Anthu amalimbitsidwa ali ndi zaka 25, ena 40, ena ali ndi zidzukulu. Sakramentili limalandiridwa kamodzi kokha moyo wonse, silibwerezedwa, ndiye kulithamangira kuti mwana angokhala pa mndandanda wa chaka chino n'kumulanda mwayi wodzalilandira tsiku limene akulifuna. Ena adzakuuzani kuti sadzadalitsa ukwati. Lamulo limati wosalimbitsidwa alandire sakramentili asanakwatire ngati zingatheke popanda vuto lalikulu, ndipo ambiri amalimbitsidwa nthawi yomweyo yokonzekera ukwati. Imeneyo si nkhani ya mwana wa Fomu 3.

Za kuimitsidwa masakramenti zija, mtima pansi. Ndime 912 imati wobatizidwa aliyense amene lamulo silikumuletsa ayenera kuloledwa kulandira Ukaristia. Chilango chimene chili m'malamulo chimakhudza makolo amene iwo eni apereka mwana kuti akabatizidwe kapena akaleredwe m'chipembedzo china. Inu simunapereke mwana kwa aliyense. Munamubatiza, munamutumiza ku Tilitonse, maphunziro a ana a kutchalitchi, mpaka lero mukumuitana ku kolona. Kukana kwa mwana wa zaka 16 si tchimo la mayi ake. N'zoona kuti m'miphakati ina komiti imadzipatsa mphamvu zimene ilibe, n'kumagwira khadi la munthu pa zifukwa zimene wansembe sanazimve n'komwe. Miphakati inabwera m'zaka za m'ma 1970, maepiskopi a m'bungwe la AMECEA, la mayiko a kum'mawa kwa Africa kuphatikizapo Malawi, atagwirizana pa misonkhano ya 1973 ndi 1976, kuti Akhristu oyandikana azidziwana, azimva Mawu limodzi, azithandizana pa matenda ndi pa maliro. Sinakhazikitsidwe kuti ikhale bwalo la milandu. Wina akakuopsezaninso, pitani kwa bambo mfumu mukamve kuchokera pakamwa pawo.

Pamenepa ndikufunseni funso lowawa, mudziyankhe nokha. Pa ululu umene muli nawo, ndi wochuluka bwanji umene ukuchokera pa moyo wauzimu wa mwanayu, nanga ndi wochuluka bwanji umene ukuchokera pa nkhope yanu monga mlembi? Zonse ziwiri n'zaumunthu, sindikukunyozani. Koma ana a msinkhu uwu amazindikira msanga. Akangomva kuti "anthu ati chiyani", amatseka makutu, poti aona kuti nkhani si Mulungu ayi, koma amayi a kumphakati.

Tsopano za bambo ake. Mawu amenewo a fizi abwezedwe, ndipo awabweze eni ake, mwana akumva. Mbali ya boma ndi yachidule. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 33, amapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo ndi maganizo, ndipo gawo 25 limapereka ufulu wa maphunziro. Kuyambira 2017 mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limaika pa makolo udindo womusamalira. Udindo umenewo sudikira kuti mwana alimbitsidwe. Pangano la United Nations la ufulu wa ana, limene Malawi inalowa mu 1991, limavomereza kuti makolo atsogolere mwana pa zachipembedzo, koma molingana ndi mmene nzeru zake zikukhwimira. Kutsogolera mwana wa zaka 6 n'kosiyana ndi kutsogolera wa zaka 16.

Koma tisiye malamulo. Inu mukukhala ku Mangochi, simukufunika kuuzidwa ndi ine chimene chimachitikira mtsikana amene wasiya sukulu ali Fomu 3. Mukuwaona m'mbali mwa nyanja, mukuwaona kusikelo. Bambo amene akuopa kuti mwana atayika pochoka mu Mpingo ndiye akhale woyamba kumusunga m'kalasi. Ndipo muwamvetse bambowo. Munthu amene ali ku Johannesburg, amaona ana ake pa WhatsApp pokha, chida chimene watsala nacho cholerera ndi ndalama. Akamva kuti kunyumba kwavuta amagwira chomwecho. Apatseni ntchito ina. Aziimbira mwanayu payekha, pa nthawi yodziwika mlungu uliwonse, amufunse za sukulu, za anzake, za zimene akumva ku felosipiko, ndipo miyezi yoyamba asatchule za Kulimbitsa.

Chimene ndikufuna tikhalitsepo ndi ichi: kodi mwana wanu akukana chiyani kwenikweni? Mwalemba zinthu zitatu ngati chinthu chimodzi, Kulimbitsa, kolona ndi kulapa, koma mwina chilichonse chili ndi chifukwa chakechake. Ndipo mwatchula chachinayi chimene kwa ine chikunena zambiri. Mwana amene wasiya kukhulupirira Mulungu sayenda pa dzuwa la ku Mangochi Lamulungu masana kupita kukapemphera. Amagona, kapena amakhala pafoni. Wanuyu akufunafuna. Mufunseni chimene amapeza kumeneko, ndipo akamayankha musamudule. Mayankho amene ndimamva kwa achinyamata otere amafanana: kumeneko amandidziwa dzina, amandilola kupemphera ndi mawu anga, timatsegula Baibulo tokha, ndikajomba amandiimbira. Taonani mmene zimakhalira kwathu. Mtsikana ali wamng'ono amavina Stella, ali ndi malo ake kutsogolo, mpingo wonse ukumuona. Akangokula pang'ono, malo aja atenga ang'ono ake, iye n'kukakhala pabenchi la kumbuyo pakati pa anthu mazanamazana amene sadziwa ngati wabwera kapena ayi. Umayi wa Chikatolika sanafike, ubwana wadutsa. Felosipi ya kusukulu imamupeza ali pamenepo. Mu Mpingo muli malo a msinkhu wake, monga gulu la ophunzira la YCS, kwaya ya achinyamata, ndi gulu la Karizimatiki, limene linayamba mu 1967 pakati pa ophunzira a payunivesite ya Duquesne ku America ndipo limapemphera mokweza, ndi mawu a munthu mwini, monga mmene iye akukondera. Mungamuonetse zimenezi, koma monga munthu woitana, osati ngati msampha womubwezera m'kalasi.

Kumeneko wamvanso mafunso, ndipo ndingathe kuwatchula ndisanamuone. Bwanji mumagwadira mafano? Bwanji mumapemphera kwa Maria? Bwanji mumalapa kwa munthu mnzanu? Mwana akabwera nawo kunyumba, ambiri a ife timayankha kuti "ndi mmene timachitira" kapena "wayamba mwano". Kwa wophunzira amene akukonzekera MSCE, amene tsiku lililonse amauzidwa kuti apereke zifukwa, yankho limenelo limamveka ngati kuvomera kuti mayankho palibe. Chonsecho alipo. Nkhani ya zithunzi Akhristu anakangana nayo kalekale, ndipo msonkhano wa ku Nicaea wa chaka cha 787 unasiyanitsa kulemekeza chithunzi ndi kupembedza kumene kuyenera Mulungu yekha. Theka loyamba la Tikuoneni Maria ndi mawu a mngelo Gabriele ndi a Elizabeti, ali pa Luka 1:28 ndi 1:42. Za kukhululukira machimo Mpingo umaima pa Yohane 20:22-23. Sindikulonjeza kuti akamva zimenezi adzagonja. Akhristu a mipingo ina amawerenga mavesi omwewa mosiyana, ndipo ndi anthu oopa Mulungu. Koma mwana ayenera kudziwa kuti chimene akuganiza zochisiya chili ndi mutu. Ngati inu simungathe kufotokoza, nenani kuti tiyeni tikafunse limodzi, mumupezere sisitere, wansembe kapena mphunzitsi amene sapsa mtima akafunsidwa. Pa Radio Maria, imene ili konkuno ku Mangochi, pamakhalanso maphunziro a chikhulupiriro amene mungamamvere naye mukuphika.

Kulapa kukhale pakokha. Inu ndinu mlembi, ndiye n'kutheka kuti ansembe a parishi amakudziwani, mwina amafika pakhomo panu pa Misa ya mphakati ndi kudya nsima yanu. Mtsikana wa zaka 16 ali ndi zinthu zimene sangathe kuuza munthu amene mawa adzakhala pampando wa bambo ake. Akudziwa kuti wansembe saulula, poti ndime 983 imaletsa zimenezo kotheratu, koma manyazi samvera ndime. Muuzeni kuti ndime 991 imamupatsa ufulu wolapa kwa wansembe aliyense amene wamusankha, ngakhale wa parishi ina. Muuzeninso kuti lamulo limafuna kulapa machimo aakulu kamodzi pachaka, osati Loweruka lililonse. Ndipo musamufunse zimene wakanena, kapena kumuwerengera mphindi zimene wakhala mkatimo.

Pali china chimene sindingachidumphe. Mwana amene ankakonda kutchalitchi akasintha mwadzidzidzi, makamaka akamakana kukhala yekha ndi munthu wina wake, kaya ndi mphunzitsi wa kalasi, mtsogoleri wa kwaya, wansembe, kapena mnyamata wa m'gulu, kholo liyenera kufunsa. Sindikunamizira aliyense, ndipo nthawi zambiri chifukwa chimakhala china. Koma funsani, muli awiri, mofatsa: kodi alipo amene anakulankhula kapena kukugwira mosayenera? Akati inde, mukhulupirireni, ndipo nkhaniyo isathere pa zokambirana za komiti. Ipite ku Victim Support Unit kupolisi kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma, ndipo nambala ya 116 yothandiza ana ndi yaulere. Funso lomwelo likhudzenso ku felosipiko.

Nanga zimene mungalamule ndi ziti? Katekisimu, pa ndime 2217, amati mwana akadali pakhomo pa makolo awamvere pa zonse zimene akumupempha zokomera iye kapena banja, kupatula pamene chikumbumtima chake chatsimikiza kuti chinthucho n'choipa. Kwa ine, kumuuza kuti Lamulungu m'mawa banja lino limapita ku Misa limodzi, ndipo iwe uli m'banja lino, n'chinthu chimene mayi angathe kunena. Kukhala m'tchalitchi n'kumvera sikumunamitsa. Koma nthawi ya Ukaristia ikafika musamugwedeze ndi chigongono kuti aime pamzere. Akhale pansi ngati sali wokonzeka, ndipo maso a anthu muwapirire inu. Akakana ngakhale Misayo, musamumenye, musamumane chakudya, musamutsekere kunja. Bwererani ku kukambirana. Mulinso ndi mphamvu yonse yodziwa kumene amapita masana aja: amatsogolera ndani, amasonkhana kuti, amaweruka nthawi yanji. Pitaniko tsiku lina mukakhale kumbuyo. Magulu ambiri a ophunzira, monga a SCOM m'masukulu, ndi ana oimba ndi kuwerenga Baibulo basi. Koma mukamva za mapemphero a usiku wonse kunyumba kwa munthu, za mneneri wofuna ndalama za mbewu kwa ana a sukulu, wouza mwana kuti asiye mankhwala, kapena kuti agogo ake ndi mfiti, pamenepo letsani ndithu, ndipo mumuuze chifukwa chake.

Kolona ndi pemphero lokoma, koma si lamulo. Malamulo a Mpingo ndi asanu: Misa Lamulungu ndi masiku oyera, kulapa kamodzi pachaka, kulandira Ukaristia nyengo ya Pasaka, kusunga masiku osala, ndi kuthandiza Mpingo pa zosowa zake. Kolona mulibemo, kuvina Stella mulibemo, yunifolomu ya gulu lililonse mulibemo. Ndikuuona mwambo wa madzulo pakhomo ngati panu mwezi wa October: mkeka pakhonde poti m'nyumba simukhalika ndi kutentha, agogo atsogolera ndi mawu otsika, ang'onoang'ono akusinza pofika chinsinsi chachitatu, wina akuomba udzudzu pamwendo, ndipo kumapeto kwa mkeka kuli mtsikana wanu, milomo ili chitsekere. Aliyense akumvetsera kuti aone ngati ayankha. Pemphero lasanduka mayeso. Chotsanimo mayesowo. Muuzeni kuti nthawi ya pemphero foni ikhale pansi ndipo akhale nafe mwaulemu, koma kuyankha n'kwa iye. Kenako mupatseni gawo limene angalichite ndi mtima wonse. Popeza akukonda Baibulo, aziwerenga ndime ya Uthenga Wabwino yogwirizana ndi chinsinsi cha tsikulo, kapena azitseka ndi pemphero la mawu ake, kupempherera bambo ake ali kutali. Agogo akamva mdzukulu akupempherera banja, kulira kuja kudzachepa.

Ndikudziwanso kuti kuno nkhani zotere zimalemera kuposa ku Dedza kapena ku Lilongwe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko lonse Akatolika ndi pafupifupi 17 mwa anthu 100 alionse, ndiwo mpingo waukulu. Koma m'boma la Mangochi anthu pafupifupi 7 mwa 10 ndi Asilamu. Ansembe oyamba a Chikatolika kufika m'dziko lino m'nthawi ya atsamunda, a White Fathers, anafikira konkuno kwa Mponda kumapeto kwa 1889, ndipo anachoka mu 1891 osakhazikitsa mpingo. Dayosizi ya Mangochi inadzakhazikitsidwa mu 1973, ndipo episkopi wake woyamba anali Ambuye Alessandro Assolari. Anthu ochepa amawerengana, ndipo mwana mmodzi akachoka mphakati wonse umamva. Mantha amene makolo ambiri satchula ndi akuti lero felosipi, mawa akwatiwa ndi wachipembedzo china, zidzukulu sizidzabatizidwa. Koma yang'anani mabanja okuzungulirani. Ndi angati amene ali ndi malume Msilamu, azakhali a Anglican, mlamu wa CCAP, ndipo pamaliro onse amakumba manda amodzi? Mwana wokulira kuno amadziwa kuyambira ali wamng'ono kuti anthu abwino amapemphera mosiyana. Simungamuopseze ndi nkhani yoti kunja kwa mpanda kuli zilombo zokhazokha, poti anzake a m'kalasi amawadziwa. Mkatolika wa ku Mangochi amayenera kudziwa chifukwa chimene alili Mkatolika, ndipo mafunso a mwana wanu, ngakhale akupweteka, ndi njira imene ambiri amadzera kuti afike pamenepo.

Agogo muwakumbutse za mwini dzina la tchalitchi chachikulu cha dayosizi yathu. Augustino Woyera anabadwa mu 354 kumpoto kwa Africa, kwa mayi wopemphera, Monika. Ali mnyamata anasiya chikhulupiriro cha mayi ake n'kulowa chipembedzo china cha nthawiyo, cha Amanikeo, ndipo anakhalamo zaka pafupifupi 9. Monika poyamba anachita zimene makolo ambiri amachita: anamukaniza kukhala m'nyumba ndi kudya naye. Pambuyo pake anamulandiranso. Anapita kwa episkopi wina kukapempha kuti akamutsutse mwanayo, episkopiyo n'kukana, nati mnyamatayo sanakonzeke kumva, amusiye ndi kumupempherera. Augustino anabatizidwa mu 387 ku Milan ndi Ambrozio Woyera, ali ndi zaka zoposa 30. Sindikunena kuti nkhani iliyonse imatha chonchi. Ana ena amakhazikika ku mpingo wina moyo wonse, ndipo amakhala Akhristu enieni kumeneko. Koma agogo, amene mosakayika amamudziwa bwino Monika, aone kuti ngakhale iye njira yothamangitsa mwana anaisiya. Kulira pamaso pa mdzukulu tsiku ndi tsiku nakonso ndi kukakamiza, ngakhale iwo sakutero dala. Alire kwa Mulungu, koma mdzukulu akabwera amuphunzitse kukazinga utaka ndi kumufotokozera mmene iwo anabatizidwira.

Abale adzakuuzani kuti m'mera mpoyamba, mukamulekerera pano mwamutaya. Poyambapo munachita kale zaka 16 zapitazi. Musaitanitse bwalo la banja loti malume, azakhali ndi akomiti amuzungulire, iye ali pansi pakati. Mwana wotero amavomera kuti athane nazo, kapena amauma mutu kuti asachite manyazi, ndipo zonsezi si zimene mukufuna. Ngati alipo malume amene amagwirizana naye, amutenge apite naye kumsika kapena kukakhala pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, akamve maganizo ake, osapita ndi chigamulo m'thumba.

Mlungu uno chitani izi. Kaonaneni ndi bambo mfumu muli nokha, muwafotokozere monga mwandifotokozera ine, ndipo mupemphe kuti dzina la mwana lisakhale pa mndandanda wa chaka chino popanda kulengeza kapena kufunsa mafunso pagulu. Funsaninso ngati angaloledwe kumakhala nawo m'kalasi monga womvera, atauzidwa momveka kuti kumapeto adzasankha yekha. Ana ena amene amakana kalasi amavomera akamva kuti kulowamo si kusaina. Kenako khalani naye pansi mumuuze zinthu zitatu ndi pakamwa panu: kuti sukulu apitiriza zivute zitani, kuti inu mukufunitsitsa atalimbitsidwa ndipo simubisa, ndi kuti tsiku lake adzatchula yekha.

Mwina adzabwera n'kunena kuti ku felosipi akufuna kumubatizanso kunyanja. Mpingo wa Katolika umaphunzitsa kuti ubatizo ndi umodzi, subwerezedwa ndipo sufafanizika, ndiye kwa inu adzakhalabe wobatizidwa wa tsiku lija. Muuzeni zimenezo, ndipo mumupemphe kuti chinthu chachikulu chotero adikire mpaka atalemba MSCE ndi kukwanitsa zaka 18. Pempho lomwelo la nthawi limene inu mwamulola pa Kulimbitsa, iyenso akulolereni pa ubatizo winawo. Mtsogoleri wa gululo akakana kudikira, kapena akafuna kumubatiza inu osadziwa, kakumaneni naye maso ndi maso, mutatenga malume ake.